Mayi Makina ndi Maliro a Kumsasa

Mukachoka pa Phalombe kulowera chakuphiri, msewu wafumbi umakathera pamalo pomwe lero pali miyala yokhayokha, ina yaikulu kuposa nyumba. Pamenepo panali mudzi. M'mudzimo ndi momwe munabadwira Aliness, amene anthu anadzamudziwa kuti mayi Makina. Makolo ake anali Alomwe ochokera ku Mozambiki kalekale. Anthu a kumeneko ankalima chimanga, nandolo ndi chinangwa m'timinda totsetsereka, ndipo chaka chikavuta ankakwera phiri kukatola nkhuni zogulitsa.

Sukulu Aliness analekezera Sitandade 8. Mayeso anakhoza, koma chaka chomwecho mayi ake anadwala, ndipo mtsikana wamkulu pakhomo anali iyeyo. Chimene sanasiye ndi kuwerenga. Pepala lokulungira usipa, chikwangwani cha pachipatala, thumba la feteleza, zonsezo ankaziwerenga mokweza ngati pali wina wamufunsa.

Anakwatiwa ndi Dyson Makina, mnyamata wa ku Jenala wocheka matabwa, amene anabwera kudzakhala chikamwini monga mwa mwambo wa kumeneko. Anabereka ana atatu, koma amene anakula ndi mmodzi, mtsikana dzina lake Chikondwero. Dyson anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo patapita zaka mpingo wa m'mudzimo unamusankha kukhala mkulu. Kanali kampingo kakang'ono, ka tchalitchi cha njerwa zosawotcha. Abusa awo anali ndi nthambi zambiri zoyang'anira, moti ankafika mwa apo ndi apo kudzabatiza ndi kudyetsa mgonero. Masabata ena onse ankalalikira ndi akulu a mpingo, aliyense monga mwa nzeru zake.

Chaka china akulikulu la mpingowo anayambitsa maphunziro a zaumulungu a anthu wamba. Sanali a ubusa ayi. Anali oti atsogoleri a nthambi za kumidzi adziwe bwino Mawu komanso kasamalidwe ka anthu. Wophunzira ankapatsidwa mabuku owerengera kunyumba, ndipo mwezi ukatha ankapita pa boma kukakumana ndi aphunzitsi kwa masiku angapo. Nthambi ya kuphiri inatumiza Dyson.

Vuto linali maso. Utuchi wa zaka zambiri unali utawafiiritsa, ndipo ng'ala inali itayamba kuphimba lakumanja. Akatsegula buku, zilembo zinkamwazikana ngati nyerere zothiridwa phulusa. Anabisa kanthawi, koma tsiku lina atabwera kumunda anatenga bukulo n'kuliika pamiyendo ya mkazi wake.

"Amayi a Chiko, maso anga ndi inu. Tandiwerengerani."

Umo ndi momwe Aliness analowera sukulu imene sanalembetse dzina. Dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde, iye akuwerenga, Dyson akunola sowo yake. Ndipo sankangowerenga. Ankaima pakati pa chiganizo n'kufunsa.

"Apa akuti mtsogoleri ndi wantchito wa anthu. Nanga bwanji pamsonkhano akulu a mpingo mumamaliza nkhuku yonse, amayi ophika n'kutsala ndi msuzi?"

Dyson ankaseka mpaka kutsokomola. "Limenelo ndikafunsa kwa abusa."

Ndipo ankakafunsadi. Aphunzitsi awo anali abusa Kaliati, bambo wachikulire wopuma pantchito, woyenda ndi ndodo. Anazolowera kuti Dyson akakweza dzanja ayamba ndi mawu akuti, "Funso ili ndi la akunyumba." Kalasi yonse inkadikira funso la akunyumba.

Nyengo imeneyo inali yokoma kuposa ina iliyonse mu ukwati wawo, koma sinakhalitse. M'mawa wina Dyson anagwa m'munda wa nandolo, khasu lili m'manja. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ziwalo zafa mbali imodzi. Anabwerera naye kunyumba asakuthanso kuyankhula. Kwa miyezi Aliness ankamusambitsa, kumumwetsa phala ndi supuni, kumutembenuza pamphasa kuti asatuluke zilonda. Masana ankamutulutsa pakhonde n'kumuwerengera monga kale. Akafunsa funso, Dyson ankangogwedeza chala cha dzanja lamoyo, kukamwa kukuyesa kuseka mbali imodzi. Anamwalira nyengo ya chiperoni, chifunga chitaphimba phiri lonse.

Mwambo wometa utatha, Aliness anamanga mabuku aja m'chitenje n'kukwera njinga ya malemu kupita pa boma kukabweza katundu wa eni. Anapeza abusa Kaliati atakhala pabenchi panja pa tchalitchi. Anagwada chapatali n'kupereka mtolowo.

"Ndine wa kwa a Makina a kuphiri aja."

"Tinamva, mayi. Pepani kwambiri." Abusa anagwira mtolowo, kenako anamuyang'anitsitsa. "Ndiye akunyumba aja ndinu?"

"Ndine."

"Munalekezera buku liti?"

"Ndinamaliza onse, abusa. Pakhomo panalibe china chowerenga."

Abusa anakankhira mtolowo kwa iye ndi ndodo yawo. "Mpando wa a Makina ulibe munthu. Mubwere mwezi wamawa."

Kumudzi nkhaniyi sinalandiridwe ndi nthungululu. Mkulu wa mpingo wotsala anali a Fletcher, mlimi wa fodya, munthu woongoka koma wouma khosi. Iwo anati chiyambire nthambiyo mayi sanaimepo kutsogolo, ndipo zimenezo siziyambira pa wamasiye. Anthu a mpingo atakokanakokana anagwirizana kuti kuphunzira aphunzire, koma paguwa asapondepo. Kumjigo nako kunali zake. Amati mayi Makina akupalasa njinga kupita pa boma kukasaka banja pakati pa azibusa. Aliness atazimva anafuna kusiya. Amene anamuletsa ndi Chikondwero, yemwe tsopano anali pabanja, mwamuna wake ali ku Joni kosaka ntchito.

"Amayi, anthu sangasowe chonena. Mukakhala anenabe, mukapita anenabe. Inu pitani. Mbuzi ndi kumunda ndiona ine."

Anapita. M'kalasi mayi anali yekha pakati pa azibambo, ndipo poyamba ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, mpaka abusa Kaliati ananena kuti makutu awo akalamba, amene ali ndi mafunso asendere kutsogolo. Anaphunzira mbiri ya mpingo, kamasuliridwe ka Baibulo, ndi kakonzedwe ka ulaliki kuti usakhale phokoso chabe. Koma abusawo ankathera nthawi yambiri pa zina: kucheza ndi wodwala popanda kumuweruza, kulimbikitsa omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku kuti asawataye chifukwa cha mapemphero, kumva mbali zonse banja likakangana, ngakhale kudzala mitengo m'mphepete mwa mitsinje.

Tsiku lina phunziro linali la maliro. Abusa anati alaliki ambiri amalakwa pothamangira kufotokoza chifukwa chimene munthu wafera, ngati Mulungu anawaitana kukambirana nawo. Aliness anakweza dzanja.

"Nanga anamfedwa akakufunsani chifukwa chake, muyankha chiyani?"

"Munene zoona, mayi. Munene kuti simukudziwa. Koma mukatero musanyamuke n'kumapita."

Tsiku lolandira satifiketi Chikondwero analuluta mpaka mawu kusasa, atabereka kamwana kake kakakazi, Ufulu. Kumudzi lamulo la a Fletcher silinasinthe, ndipo Aliness sanalimbane nalo. Ankatsogolera amayi Lachinayi, kuyendera odwala, kuperekeza oyembekezera kuchipatala. Panali mtsikana wina, Sellina, amene makolo ake anafuna kumuchotsa sukulu kuti akwatiwe ndi wamalonda wa kumalire. Aliness sanakawalalikire. Ankangopita pakhomopo masana ndi masana, kuthandiza kusenda chinangwa ndi kucheza, mpaka bambo ake a mtsikanayo ananena okha kuti, "Basi, mayi, mwana abwerere kusukulu, mwatitopetsa." Pang'ono ndi pang'ono anthu, a mpingo ndi akunja omwe, anazolowera njira ya kunyumba kwake.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku otsatizana osapumira, mpaka makoma a nyumba anayamba kutuluka thukuta. Akuluakulu amene anaona Napolo wa 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kusesa midzi, ankangoyang'ana kumtunda.

M'mawa wina, mvula ikugwabe, kunabwera uthenga woti gogo wina wodwala, wokhala yekha pachitunda kutsidya kwa kamtsinje, denga lamugwera mbali imodzi. Aliness anafunda pepala la pulasitiki kuti apite. Ufulu, amene tsopano anali wothamanga yekha, anamugwira chitenje akulira.

"Anganga, ndipita nawo!"

"Mutengeni, amayi," anatero Chikondwero. "Akundisokoneza. Ndikufuna ndikweze ufa ndi zofunda pamwamba, madzi ayamba kulowa. Mubwere msanga."

Aliness anabereka mdzukulu wake n'kuwoloka pa kamlatho ka mitengo. Ali pachitunda paja, akukokera mphasa ya gogoyo pouma, anamva mkokomo wochokera kuphiri ngati malole ambiri akutsika nthawi imodzi. Pansi pananjenjemera. Atatuluka panja anaona phiri likubwera: matope akuda bii, mitengo yathunthu ikuyenda choimirira, miyala ikugubuduka ngati maungu. Anaona denga la tchalitchi likutembenuka. Nyumba yake sanaione n'komwe mmene inapitira. Pamene panali mudzi panali mtsinje wa matope. Anaima pamvula atakanikiza nkhope ya Ufulu pamimba pake kuti asaone, akuitana dzina la mwana wake mpaka mawu anatha.

Opulumuka anasonkhana pa sukulu ya pulaimale ya kumunsi, ndipo makalasi anasanduka msasa. Milatho inali itakokoloka, galimoto silikanafika, abusa a nthambiyo anali kutsidya. Azibambo ankapita ndi makasu kukafukula m'matope. Mtembo uliwonse ukabwera, Aliness ankathamanga kukavundukula kumaso. Sanali Chikondwero. Poti anali atafika kale pamenepo, ankagwada n'kuthandiza amayi ena kuusambitsa ndi madzi a mvula.

Mumsasamo munayamba kuyenda mawu. Ena amati Napolo wadutsanso. Bambo wina wa mawu amphamvu, wodzitcha mneneri, ankalowa kalasi ndi kalasi akulalikira kuti ichi ndi chilango, mudziwo unali utadzala machimo, otsala alape. Mawuwa anamulasa Eveles, mnansi wa Aliness wogulitsa zitumbuwa, amene anataya ana ake onse awiri, Violet ndi mng'ono wake wakhanda. Anasiya kudya. Anangokhala pakona atayang'ana khoma. Aliness anakakhala pansi pambali pake.

"Mayi Makina, inu munaphunzira," anatero Eveles osatembenuka. "Tandiuzani tchimo langa. Ndikufuna ndilidziwe. Wamng'ono uja anali asanayambe n'kuyankhula komwe."

"Chifukwa chake sindikuchidziwa, amayi a Violet. Ndikanena kuti ndikudziwa ndikunamizani. Koma Mulungu amene ndakhala ndikumuwerenga sakwirira ana m'matope pofuna kulanga amayi awo. Zimenezo ayi." Anamugwira paphewa. "Wanganso ali momwemo."

Eveles anatembenuka n'kugwetsa mutu pamiyendo ya mnzake. Analira awiriwo mpaka phala limene anawabweretsera linazizira. Kenako Aliness anatenga supuni n'kumumwetsa lozizira lomwelo.

Mitembo sikanadikira abusa. Anakumba manda pamtunda kuseri kwa sukulu. Mabokosi panalibe, anangokulunga m'mphasa, m'zitenje ndi m'mabulangete. Anthu atazungulira, maso onse anali kwa a Fletcher. Koma akazi awo anali mmodzi mwa ogona m'mphasamo. A Fletcher anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayesanso, osatheka. Kenako anayenda pang'onopang'ono kuchoka mbali ya azibambo mpaka kumene kunakhala amayi.

"Mayi Makina, imirirani. Ine zandikanika."

Aliness anaimirira miyendo ili matope, m'manja mulibe Baibulo, poti linapita ndi nyumba. Sanalalikire nthawi yaitali. Anatchula dzina la aliyense amene ankamuika, ndi kanthu kena ka moyo wake: uyu ankayambitsa nyimbo pamaliro a anzake, uyu ankaweta nkhunda, uyu anali atangoyamba kumene sukulu. Za amene nkhope zawo sizinadziwike anati Mwini wake akuwadziwa. Anauza anthu kuti kulira si kuchepa chikhulupiriro, ndipo amene ali ndi funso kwa Mulungu amufunse mokweza, Mulungu sangamukwiyire. Atapemphera anawerama n'kutapa dothi.

Maliro amenewo sanali omaliza. Kwa masabata anthu ankapezekabe kumunsi kwa mitsinje, ena kutali m'minda ya mpunga, ndipo uthenga unkafikira kwa mayi Makina. Anaika a mpingo wake, a mipingo ina, ndi osapemphera omwe. Thandizo litayamba kufika, ndi iye amene ankaima pamzere wa ufa kuti okalamba asakankhidwire kumbuyo, ndiponso amene anaumirira kuti atsikana apatsidwe kalasi yawoyawo yogona. Anthu amati mayi ameneyu ndi wolimba mtima. Sankadziwa kuti payekha kupemphera kunali kutamukanika. Akagwada, pakamwa pankangotuluka dzina la Chikondwero.

Ofufuza mitembo analeka ntchito Chikondwero asanapezeke. Mwamuna wake anafika kuchokera ku Joni, anayendayenda pamiyala paja akuitana, analira ngati mwana, kenako anabwerera kuntchito, Ufulu n'kumusiya kuchikazi monga mwa mwambo.

Msewu utatseguka Aliness anapita kwa abusa Kaliati. Anawapeza atafooka, ali pampando pakhonde la nyumba yawo. Ulendo uno sanayambe ndi malonje. Anakhala pansi n'kuyankhula mokalipa, chinthu chimene anali asanachitepo kwa munthu wamkulu.

"Munandiphunzitsa kuika maliro a eni, abusa. Ndawaika, ochuluka. Koma simunandiuze zoti achite mayi amene mwana wake alibe manda. Ndikamalira ndiziyang'ana kuti? Mdzukulu wanga akandifunsa ndimulozere mwala uti?"

Abusa anavula magalasi. Misozi inatsika m'makwinya a nkhope yawo.

"Zimenezo munalibe m'mabuku aja, mwana wanga. Kusukulu kumene ndinaphunzira ine kunalibenso."

Anakhala limodzi pakhondepo masana onse. Aliness anafotokoza zonse, kuyambira mkokomo uja mpaka maliro omaliza, ndipo abusa sanamudule mawu. Potsanzikana analowa m'nyumba n'kumutengera Baibulo lawo lakale la zilembo zazikulu.

Patapita miyezi opulumuka anapeza malo atsopano kuchigwa, chakufupi ndi Mkhumba, kutali ndi phiri. Kumeneko atsibweni ake a Aliness, mwini mbumba, anabwera ndi nkhani imene anaizungulira nthawi yaitali asanaitchule. Makolo, iwo anati, munthu akasowa osapezeka ankaika thunthu la nthochi m'malo mwake, kuti maliro athe ndipo otsala akhazikike. Ankaopa kuti munthu wophunzira za Mulungu akana kuti n'zachikunja, ndipo ena mumpingo atamva anatero kumene. Aliness analingalira kwa masiku, kenako anapempha kukumana ndi akulu a mpingo.

"Sitikukapembedza nthochi ayi," anawauza. "Mulungu akudziwa pamene mwana wanga wagona. Amene sitikudziwa ndi ine ndi kamwana aka. Tipatseni malo oti tizikaimapo."

A Fletcher anayang'ana pansi, kenako anati iwo ali ndi khasu labwino, adzayamba ndiwo kukumba. Palibenso amene anatsutsa.

Anadula thunthu lofanana ndi msinkhu wa Chikondwero. Amayi analikulunga m'chitenje chatsopano, ndipo Eveles ndi amene anamanga mfundo. Abusa a nthambi anabwera kudzatsogolera mwambo, poti Aliness anapempha kuti tsiku limenelo asamuimike kutsogolo. Anakhala pansi pakati pa amayi anzake, atatambasula miyendo, Ufulu atamutsamira, ndipo analira mokweza monga amalirira mayi aliyense wa kumeneko, akufunsa mwana wake kuti wamusiya ndi yani.

Lero mayi Makina ndi mlaliki wa nthambi yatsopano, imene ikukumana pansi pa tenti yong'ambika pamene akuumba njerwa. Imvi zamutuluka msanga ndipo amayenda chowerama pang'ono. Dothi la kuchigwa ndi lamakande, lokana khasu, ndipo chinangwa sichichita bwino, choncho akuphunzira kulima mpendadzuwa kwa eni dera. Mitambo ikada kuphiri, amayi ena amasiya ntchito n'kubwera kudzakhala pakhomo pake mpaka kuyere.

Ufulu anayamba sukulu. Loweruka awiriwo amapita kukasesa pamanda paja, ndipo tsache amanyamula ndi mwanayo. Nkhope ya mayi ake wayamba kuiiwala, choncho pobwerera amakhala ndi zofunsa. Tsiku lina anafuna kudziwa mmene mayi akewo ankasekera. Aliness anaima panjira n'kuyesa kutsanzira, koma anapukusa mutu.

"Si choncho ayi. Anali ndi kamawu kena kumapeto, kokwera. Dikira ndiyesenso."

Anayesanso, Ufulu atakweza maso kumuyang'ana, tsache lili paphewa.